Kadimba ka kuseri kwa nyumba kamene sikalandira dzuwa mokwanira: ndibzalemo chiyani?

NaMbewe, Ulónguè

Moni kwa nonse a pabwalo lino. Ndimakhala ku Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique, ndipo ndikupempha nzeru pa nkhani ya kadimba ka pakhomo. Kuseri kwa nyumba yathu, mbali ya kumpoto, kuli malo a mamita 9 mulitali ndi mamita 4 mulifupi. Kumapeto kwa malowo kuli khoma la nyumba ya anansi athu, limene ndi lalitali pafupifupi mamita 3, ndipo pakona ya kumpoto chakumadzulo, m'bwalo mwawo, muli mtengo waukulu wa mapeyala umene nthambi zake zina zinadutsira kwathu.

M'mwezi wa Meyi ndinaunda mabedi n'kubzala matimati, anyezi, mpiru ndi bonongwe, ndipo ndinathira manyowa a ng'ombe owolerana bwino. Tsopano tili mu Julayi, koma zimene ndikuona sizikundisangalatsa. Matimati angotalika ndi timitengo towonda, ndipo maluwa ake akuyoyoka osabereka. Anyezi sakukula mitu, bonongwe anamera n'kuima pomwepo, ndipo mpiru wokha ndiwo ukuyesako, ngakhale kuti masamba ake ndi opyapyala komanso agwidwa nsabwe. Dothi la m'mbali mwa khoma la anansi silikuuma, moti pamwamba pake pachita ndere zobiriwira.

Mwana wanga anandifufuzira pa intaneti, ndipo zolemba zambiri zimene anapeza zikunena kuti dimba loyang'ana kumpoto silipeza dzuwa, kupatula m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene limapezako bwino. Kwa ine izi zikusemphana ndi zimene maso akuona, chifukwa miyezi imeneyi ndi imene mthunzi wakula kuposa kale lonse. Choncho ndikufunsa zinthu zitatu. Kodi vuto langa ndi lakuti malowa ali kumpoto kwa nyumba, moti ndingowasiya? Ngati sindiyenera kuwasiya, ndi mbewu ziti zimene zingapirire pamalo otere m'dera lozizira ngati lathu lino? Nanga mtengo wa mapeyalawo ndichite nawo bwanji popanda kuyambana ndi anansi? Ndiwo zamasamba pamsika wathu sizisowa, koma ndikufunitsitsa kukhala ndi zothyola pakhomo kuti ndisamatulutse ndalama tsiku ndi tsiku.

Mphunzitsi Gama, Dómuè

ANaMbewe, funso lanu loyamba ndi limene ndingathe kuyankha bwino, chifukwa nkhani ya kayendedwe ka dziko ndi dzuwa ndimaphunzitsa kusukulu. Zimene mwana wanu anawerengazo si zabodza, koma zinalembedwera anthu a ku Ulaya ndi ku North America. Kumeneko dzuwa la masana limakhala mbali ya kumwera chaka chonse, choncho nyumba imagwetsera mthunzi wake kumpoto, ndipo dimba la mbali imeneyo limakhala mumthunzi wa nyumba ya mwini wake yemwe. Ku London, mwachitsanzo, dzuwa la masana limakwera madigiri 15 okha mu Disembala, ndipo mu Juni, imene ndi nyengo yawo yotentha, limafika pa madigiri 62. N'chifukwa chake iwo amati dimba lotere limapumako mu Juni ndi Julayi.

Ife tili kumwera kwa ikweta, ndipo Ulónguè ali pafupi ndi madigiri 15 kumwera. Kuyambira chapakati pa Febuluwale mpaka kumapeto kwa Okutobala, dzuwa la masana kuno limadutsa mbali ya kumpoto, ndipo limatsika kwambiri cha pa 21 Juni, pamene limakwera pafupifupi madigiri 52. Kumayambiriro kwa Novembala limadutsa paliwombo penipeni, kenaka limapendekera pang'ono kumwera, mpaka lidzadutsenso paliwombo kumayambiriro kwa Febuluwale. Tanthauzo lake n'lakuti kwa ife mbali ya kumpoto kwa nyumba ndiyo mbali ya dzuwa m'nyengo yozizira. Nyumba yanu sikukulakwirani konse. Chimene chikukutsekerani dzuwa ndi khoma la anansi, chifukwa kadimba kanu kali kumwera kwa khomalo.

Ndikufuna kuti muone kukula kwa mthunziwo ndi manambala, chifukwa pamenepa ndi pamene pagona yankho. Ngati khomalo ndi la mamita 3 ndipo linayenda kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, kumapeto kwa Juni mthunzi wake umafika pafupifupi mamita 2.3 masana, ndipo cha m'ma 9 koloko m'mawa ndi cha m'ma 3 koloko madzulo umapitirira pang'ono mamita 3. Pa mamita 4 amene muli nawo, ndiye kuti mamita awiri oyamba kuchokera pakhoma la anansi saona dzuwa ngakhale pang'ono tsiku lonse m'masabata amenewa. Mita yachitatu imaliona kwa maola ochepa apakati pa tsiku, pamene mita yomaliza, yoyandikana ndi nyumba yanu, ingathe kulandira maola asanu kapena asanu ndi limodzi, kupatula pamene mtengo wa mapeyala ukutchinga madzulo. Malo anu si amodzi ayi, ndi timagawo titatu tosiyana, ndipo mwina munabzala mbewu zonse mofanana ngati kuti dzuwa likufika paliponse chimodzimodzi.

Chinthu china cholimbikitsa n'chakuti mthunziwu sukhalitsa. Pofika chapakati pa Ogasiti udzakhala utabwerera kufika pafupifupi mita imodzi ndi theka masana. Cha pa 23 Seputembala, komanso cha pa 21 Malichi, umakhala pafupifupi masentimita 80 okha, ndipo pa masiku amenewa sutalika kapena kufupika kwenikweni kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kuyambira Novembala mpaka kumayambiriro kwa Febuluwale khomalo limagwetsera mthunzi wake kwa eni ake, ndipo nyumba yanu ndi imene imaika kamthunzi kochepa m'mbali mwake. Miyezi yovuta kwenikweni ndi Meyi, Juni ndi Julayi.

Musadalire manambala anga okha, pakuti khoma lanu likhoza kukhala lopendekera pang'ono kum'mawa kapena kumadzulo. Sankhani tsiku lopanda mitambo, tengani timitengo, ndipo pa ola lililonse kuyambira 8 koloko mpaka 4 koloko muzizika kamtengo pamene mthunzi wathera. Pofika madzulo mudzadziwa kuti gawo lililonse lalandira maola angati. Ndikulangizaninso kupaka laimu woyera pakhoma la nyumba yanu loyang'ana kudimbako, chifukwa khoma limenelo ndi limene dzuwa likuliwomba tsopano, ndipo likakhala loyera limabweza kuwala kupita ku mbewu za mumthunzi.

Bambo Zimba, Matundo, mumzinda wa Tete

Mayi, ndawerenga dandaulo lanu ndipo ndikuona kuti chimene inu mukuchiyesa vuto, ife a kuchigwa kuno timachifunafuna ndi ndalama. Kwathu ndi ku Furancungo, m'boma la Macanga, koma ntchito inandibweretsa ku Tete, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. M'miyezi imeneyo letesi amene ali pamtetete amawawa ndi kuthamangira kutulutsa maluwa, mbande zimapsa tsiku lomwe zawokeredwa, ndipo madzi amene munthu wathira m'mawa sapezekanso pofika masana. Amene amalima m'mbali mwa mitsinje ya Zambezi ndi Revúbuè amadalira kwambiri miyezi yozizira, ndipo amene akufuna kupitiriza m'chilimwe amagula ukonde wotchingira dzuwa kapena kumanga thandala n'kuyalapo udzu. Ine kadimba kanga ndinakaika dala pamene pamafika dzuwa la m'mawa lokha, ndipo couve (ndiwo zamasamba za m'banja la kabichi zimene sizikulunga mutu) ndi letesi ndimathyola mpaka kumayambiriro kwa Okutobala anzanga atasiya kale.

Choncho malo anuwo musawasiye. Monga aphunzitsi anenera, mu Seputembala ndi Okutobala m'mbali mwa khoma mudzatsala kamzere ka mthunzi kosakwana mita imodzi, ndipo kamzere kameneko n'kabwino kwa letesi ndi nazale pa nthawi imene ngakhale ku Angónia dzuwa limakhala laukali. Madzi amene mudzathire kumeneko adzakhalitsa kuposa a mnzanu amene dimba lake lili poyera.

Pa nkhani ya mtengo, maganizo anga ndi akuti nthambi zimene zadutsa malire n'kulowa kwanu muzidule ndithu, chifukwa zikukulandani dzuwa la madzulo pamalo anu. Chikwanje chakuthwa chingathetse nkhaniyo m'mawa umodzi.

NaJere, Tsangano

Mwana wanga NaMbewe, ine ndakulira m'dimba kuno ku Tsangano, kumene timalima mbatatesi, tirigu, kabichi ndi nsawawa, ndipo ndiwo zathu zambiri zimakagulitsidwa m'misika ya m'malire monga ku Lizulu. Bambo a ku Tete anena zoona za kwawo, koma kumapiri kuno mthunzi wa Juni ndi Julayi umabwera ndi kuzizira, ndipo ziwirizi zikaphatikizana mbewu imaima. Dothi limene silinawombedwe ndi dzuwa limakhala lozizira tsiku lonse, mame sauma msanga pamasamba, ndipo chaka chimene kwagwa chisanu, malo a mumthunzi ndi amene amachedwa kuchimasuka. Bonongwe wanu sanaime chifukwa cha mthunzi wokha. Bonongwe, luni ndi therere ndi mbewu za nyengo yotentha, ndipo ngakhale poyera sizikondwa mu Juni kuno. Mudzafese bonongwe kumapeto kwa Seputembala, mudzaona kusiyana kwake.

Lamulo limene ine ndimatsata n'lakuti mbewu imene timadya chipatso chake imafuna dzuwa lambiri, imene timadya muzu kapena mutu wake imafuna locheperako, ndipo imene timadya masamba ake ndiyo imapirira kwambiri. Alangizi amati matimati, tsabola ndi mabilinganya zimafuna maola osachepera asanu ndi limodzi, karoti ndi zina za pansi maola anayi kapena asanu, pamene zamasamba zimatha kukula ndi maola atatu kapena anayi. Anyezi ngakhale ali wa pansi amakonda dzuwa kwambiri, choncho pamalo anuwo musayembekezere mitu ikuluikulu, koma masamba ake mungathe kumadula n'kumaika m'ndiwo, ndipo amaphukanso.

Pagawo lapakati, pamene pamafika dzuwa la masana lokha, bzalani mpiru, repu, tchainizi, couve ndi letesi. Kabichi ndingakuletseni, chifukwa popanda dzuwa lokwanira sakulunga mutu wolimba ndipo amakhala pabedi nthawi yaitali pachabe. Couve ndi repu n'zabwino chifukwa munthu amathyola masamba am'munsi n'kusiya mtengo ukupitiriza kukula. Koma mumthunzi musathyole mwadyera. Siyani masamba anayi kapena asanu pamtengo uliwonse, popeza masambawo ndi amene akugwira kuwala kochepako, ndipo mukawatha mbewu imatenga nthawi yaitali kuti ibwerere. Bzalaninso motalikirana kuposa mmene mungachitire poyera, kuti mbewu zisaphimbane zokhazokha ndiponso kuti mphepo izidutsa.

M'mbali mwenimweni mwa khoma, pamene dzuwa silifika miyezi itatu, musalimbane napo m'nyengo yozizira. Pamenepo mpabwino kuunjikapo kompositi, ndipo mvula ikayandikira mubzalepo koko ndi jinja, zimene zimakonda chinyontho ndi mthunzi wapakatikati. Zimakula m'dzinja pamene dzuwa lili pamwamba, ndipo pofika Juni masamba a jinja amakhala akuuma okha, nthawi yokumba itakwana. Kholowa nayenso amayanga pamalo a mthunzi n'kukupatsani masamba ofewa, ngakhale mbatata zake zidzakhala zazing'ono. Ngati anansi angalole, shushu kapena maungu mungazikwezere pathandala kuti zikafike pamwamba pamene pali dzuwa, koma thandalalo likhale kumapeto kwa dimba, kuti lisaonjezere mthunzi pa zinzake.

Tsopano za nsabwe ndi ndere zija. Ndere zikutanthauza kuti mukuthirira kwambiri. Musanathire, lowetsani chala m'dothi mpaka pamfundo yachiwiri, ndipo chikatuluka chonyowa ndi dothi lomata, keni ibwerere ndi madzi ake. Thirirani m'mawa, pansi pa mbewu osati pamasamba, kuti pofika usiku pakhale pouma. Udzu wophimbira, umene umathandiza kwambiri mu Okutobala, muuchotse m'nyengo ino pagawo la mthunzi, chifukwa umasunga kuzizira komanso nkhono zimabisalamo. Tembenuzani tsamba la mpiru muone kunsi kwake: nsabwe zimaunjikana m'mbali mwa mtsempha wapakati ndi pamsonga panthete, ndipo tsamba logwidwa limapindika m'mphepete n'kumata m'manja. Zikakhala zochepa zifinyeni ndi zala, masamba ogwidwa kwambiri muwachotse, ndipo zotsalazo muziwaze madzi a sopo wochepa madzulo, kenaka m'mawa mwake mutsukuluze ndi madzi abwino. Mbewu ya mumthunzi imakhala ndi masamba anthete, n'chifukwa chake nsabwe zimaikonda.

Matimati amene atalikawo sindikuona kuti angakupindulireni. Masamba ake akayamba madontho akuda ngati opsa, chimenecho ndi chiwawu, chomwe chija chimatisautsa pa mbatatesi nyengo ikakhala yozizira ndi yachinyezi, ndipo muwazule msanga n'kukawataya kutali, osati pa kompositi.

NaMbewe, Ulónguè

Zikomo kwambiri nonse. Aphunzitsi, ndachita zimene munanena Loweruka lapitali, ndipo timitengo tasonyeza zofanana kwambiri ndi mawu anu. M'mbali mwa nyumba yathu dzuwa likufika itangokwana 9 koloko, ndipo theka la kum'mawa likukhala padzuwa mpaka cha m'ma 3 koloko, pamene theka la kumadzulo likulowa mumthunzi wa mapeyala itangopitirira 1 koloko. Gawo lapakati likulandira maola atatu okha, ndipo la kukhoma silikulandira kalikonse. Chodabwitsa n'chakuti malo a dzuwawo ndi amene ndinawasiya ngati njira yopita ku bafa, ndipo matimati ali pagawo lapakati.

Amayi NaJere, malangizo anu ndawalandira ndi manja awiri, ndipo ndasiya kale kuthirira madzulo. Ndatsala ndi mafunso awiri. Loyamba n'lakuti m'mbali mwa nyumba ndikuopa kuunda bedi, chifukwa bambo a kunyumba akuti chinyontho chidzaononga maziko ndi kuitana chiswe. Kodi pali njira ina yogwiritsira ntchito malo amenewa? Lachiwiri ndi la mtengo uja. Polima pakona ya kumadzulo khasu limakumana ndi timizu tambirimbiri pafupi ndi pamwamba, ndipo mbewu za pamenepo n'zimene zafooka kwambiri ngakhale dothi lake limauma msanga kuposa pena ponse. Za kudula nthambi ndi chikwanje ndikuchita nazo mantha, pakuti anansiwo tinawapeza, ndipo mapeyala ake ana athu amadya nawo.

Mlangizi Phiri, wopuma ntchito, Zóbuè

ANaMbewe, bambo a kunyumba akunena zoona, ndipo ndi bwino kuwamvera. Musaunjike dothi pakhoma la nyumba, makamaka ngati ndi ya njerwa zosawotcha kapena yomangidwa ndi dothi. Njira yabwino ndi matumba. Tengani matumba a makilogalamu 50 amene munali chimanga, ufa kapena feteleza, muwatsuke, muwapinde m'mphepete mpaka atsale otalika pafupifupi masentimita 40, ndipo muwaboole kunsi ndi m'mbali kuti madzi azituluka. Thumba kapena chigubu chimene munali mankhwala ophera tizilombo musachigwiritse ntchito ngakhale chitatsukidwa. Sakanizani magawo awiri a dothi lapamwamba ndi gawo limodzi la manyowa owolerana, ndipo ngati dothi lanu ndi lamakande muonjezereko mchenga. Matumbawo muwakhazike pa njerwa, motalikirana ndi khoma pafupifupi theka la mita, ndipo m'thumba lililonse mukhale mtengo umodzi wa matimati kapena wa tsabola. Ikani matimati ku theka la kum'mawa kumene mwapeza maola asanu ndi limodzi, ndipo ku theka la kumadzulo kupite karoti, nsawawa ndi anyezi wa masamba.

Matumba ali ndi ubwino winanso umene ukugwirizana ndi manambala a aphunzitsi. Mbewu ikakwezedwa m'mwamba, khoma la anansi limakhala ngati lafupika. Thumba kapena beseni limene lili pathandala la mita imodzi limaona khoma la mamita awiri okha, ndipo mthunzi wa masana wa Juni pamsinkhu umenewo umathera pa mita imodzi ndi theka kapena kupitirira pang'ono, m'malo mwa mamita 2.3. Choncho pagawo lapakati mungathe kupeza maola owonjezera pongokweza mbewu. Komanso thumba limasunthika. Mvula ikayamba, madzi ogwa kuchokera pamalata adzagwera pamzere womwewo wa m'mbali mwa nyumba, ndipo adzakumba dothi ndi kuthyola mbewu, choncho mu Novembala mudzasunthire matumba pakati pa dimba, pamene nthawi imeneyo dzuwa lidzakhala likufika mokwanira.

Pa za mtengo sindikugwirizana ndi Bambo Zimba. Kudula nthambi za mtengo wa mwini osamuuza kumabala milandu imene imakafika kwa mfumu kapena kwa mlembi wa dera, ndipo phindu la maola awiri a dzuwa silingafanane ndi udani wa pakhomo. Kuonjezera apo, nthambi zimene zadutsira kwanu si zimene zikupanga mthunzi wonse. Dzuwa la madzulo mu Julayi limachokera kumpoto chakumadzulo lili lotsika, choncho likutchingidwa ndi thunthu lonse la masamba limene lili m'bwalo mwawo. Pitani mukakambirane nawo mwaulemu, ndipo mukawapemphe kuti akamaliza kuthyola mapeyala asadze nthambi zam'munsi ndi kupatulira zina za m'kati. Zimenezi zimathandizanso mtengowo, chifukwa kuwala ndi mphepo zimalowa, ndipo nthambi zikadulidwa ndi sowo m'malo mwa chikwanje bala lake limapola bwino.

Timizu timene khasu likukumana nato ndi ta mapeyala omwewo. Mtengo umenewu mizu yake yodyera imayenda pafupi ndi pamwamba, ndipo ikapeza bedi lothiridwa madzi ndi manyowa imathamangira komweko. N'chifukwa chake pakonapo pali mthunzi koma dothi likuuma msanga: mukuthirira mtengo wa anansi. Kudula mizuyo sikuthandiza kwa nthawi yaitali chifukwa imaphukanso, ndipo mukadula yambiri mudzavulaza mtengo. Pakona imeneyo gwiritsaninso ntchito matumba okhazikidwa pa njerwa kuti mizu isalowemo, kapena pasandutseni poyanika ziwiya ndi posungira manyowa.

Ndikuchenjezeninso za feteleza, chifukwa anthu ambiri akaona mbewu ya mumthunzi ili yowonda amathamangira yureya. Chakudya sichilowa m'malo mwa kuwala. Yureya wambiri pamalo opanda dzuwa amatalikitsa mbewu mopitirira, amafewetsa masamba ndi kuchulukitsa nsabwe zomwe mukudandaula nazo. Manyowa amene munathira ndi okwanira pa nyengo ino. Kumbukiraninso kuti mpiru, repu, tchainizi, couve ndi kabichi ndi banja limodzi ndipo matenda ake ndi amodzi, choncho m'dzinja pagawo lapakatipo mudzabzale nyemba kapena khobwe, mudye khwanya ndi chitambe, dothi lipumule ku banja limenelo. Laimu amene aphunzitsi anena amathandizadi, ngakhale kuti si kwambiri moti n'kusandutsa malo a mpiru kukhala a matimati. Ngati mungafune kuti wina adzaone malowo ndi maso, alangizi a boma amapezeka ku SDAE, ofesi yoona za ulimi ndi chuma m'boma lanu.

NaJere, Tsangano

Alangizi anena zonse bwino, ndipo ine ndingoonjezera za nthawi, chifukwa pamalo ngati anuwo kalendala ndi yofunika kuposa mtundu wa mbewu. Chaka chino munabzala mu Meyi, pamene mthunzi unali ukukula, choncho mbande zinakumana ndi mdima ndi kuzizira zikadali zazing'ono. Chaka chamawa mufese mpiru, repu ndi couve kumayambiriro kwa Malichi, muwokere mu Epulo, kuti pofika Juni zikhale zitakula kale. Mbewu yaikulu imapirira mthunzi n'kumakupatsanibe masamba pang'onopang'ono, pamene yaing'ono imangokhala.

Nazale musaike kukhoma m'miyezi yozizira. Fesani m'beseni lakale lobooka, muliike kumene dzuwa la m'mawa limafika, ndipo usiku wozizira kwambiri mulilowetse pakhonde. Mbande za mumthunzi zimatalika n'kugwa, ndipo zambiri zimawola patsinde pamene zakhudzana ndi dothi. Muziwokera zikafika masamba enieni anayi kapena asanu, madzulo, dothi la kumizu lisanayoyoke.

Pa chaka chino simunachedwe. Fesani matimati atsopano m'beseni sabata ino, kuti pofika kumapeto kwa Ogasiti alowe m'matumba, abereke mu Okutobala ndi Novembala mvula isanakhazikike ndi chiwawu chake. Pamene muzule matimati akalewo wokeranipo repu ndi tchainizi, chifukwa kuyambira tsopano mthunzi ukubwerera kukhoma sabata ndi sabata. Mbewu ya koko ndi jinja muyambe kufunsa kwa anzanu a kumadimba mu Seputembala, pakuti mvula ikagwa aliyense amakhala atabzala kale yake.